Injini ya njinga yamoto pa ndege: zinachitikadi, koma ya 150cc musauluke nayo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa makaniko wina wa ku Mchinji, ndipo akuti: "Ndimakonza njinga zamoto, makamaka za anyamata a kabaza. Ndinamva kuti ndege zoyambirira zinkauluka ndi injini zopangidwa ndi makampani a njinga zamoto. Nditawauza anzanga pa shedi anandiseka kuti ndi bodza. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, ine ndili ndi injini ya 150cc yomwe ndaikonza bwinobwino, ndipo ndayamba kusonkhanitsa mapaipi ndi malata opepuka kuti ndipange kandege ka munthu mmodzi. Kodi injiniyi ingandinyamule? Mayi a kunyumba akuti mutu wanga sukuyenda bwino."

Achimwene, zikomo polemba. Mtima ukhale m'malo, mutu wanu uli bwinobwino, ndipo amene anakuuzani nkhaniyi sanakunamizeni. Ena mwa anthu amene anapanga injini za ndege zoyambirira analidi amisiri a njinga zamoto, ena mpaka ankathamanga nazo pa mipikisano. Anzanuwo mukawatchulire mayina atatu: Glenn Curtiss wa ku America, Alessandro Anzani, Mtaliyana amene ankakhala ku France, ndi kampani ya JAP ya ku London. Koma funso lachiwirilo ndiliyankhiretu pano kuti musachite kulifunafuna m'munsimu: ayi, injini ya 150cc musakwere nayo m'mwamba. Ntchito yanga ndi yokonza injini za ndege zing'onozing'ono, ndipo chifukwa chomwe ndikukanira chili m'mbiri yomweyi imene mwaifunsayi.

Vuto lalikulu la anthu ofuna kuuluka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 linali kulemera kwa injini. Za galimoto za nthawi imeneyo zinali zitsulo zokhazokha, zodzaza madzi, mphamvu yake yochepa. Abale awiri, Orville ndi Wilbur Wright, amene anali ndi shopu ya njinga zakapalasa ku Dayton m'dziko la America, analembera makampani angapo kufunsa injini yopepuka koma sanapeze yowakwanira. Makaniko wawo, Charlie Taylor, ndiye anawapangira yawoyawo m'masabata asanu ndi limodzi: masilinda anayi, hosipawa (muyeso wa mphamvu ya injini) 12, kulemera pafupifupi makilogalamu 80. Ndi imene inauluka pa 17 Disembala 1903. Tsono amisiri a njinga zamoto vuto lomweli anali atalimbana nalo kale pa zifukwa zawo. Felemu ya njinga singasenze chitsulo cholemera, choncho anaphunzira kupanga masilinda opyapyala okhala ndi nthiti zoziziritsa ndi mphepo, opanda redieta, opanda madzi. Luso limeneli ndi lomwe ofuna kuuluka ankalisowa.

Curtiss anabadwa mu 1878 m'katauni ka Hammondsport, m'chigawo cha New York. Anayamba ndi kupalasa njinga pa mipikisano, kenako anatsegula shopu yokonza ndi kugulitsa njinga, ndipo pofika 1902 anali akupanga njinga zamoto. Kabyureta ya njinga yake yoyamba anaipanga ndi chitini cha supu, zomwe ndikudziwa kuti inu okonza za kabaza simungadabwe nazo. Mu 1904 Thomas Baldwin, munthu wa zionetsero za mabaluni, anagula kwa iye injini ya masilinda awiri ya njinga yamoto n'kuimangirira pa chibaluni chachitali chotchedwa California Arrow, chomwe chinauluka ku Oakland mu Ogasiti chaka chomwecho. Apa ndi pamene mungati injini ya njinga yeniyeni inapita m'mwamba mosasinthidwa kwambiri. Koma taonani bwino: chomwe chinkanyamula katundu yense chinali mpweya wopepuka wa m'chibalunicho. Injini inkangokankha kuti chiyende. Ikanazima, chibalunicho sichikanagwa.

Pa zouluka zofuna mphamvu yochuluka Curtiss anapanga injini ina, ya masilinda asanu ndi atatu oima ngati chilembo V, ya 4,400cc, yowerengedwa hosipawa 40. Pofuna kuonetsa mphamvu yake anaiika pa njinga yayitali yomwe anaipangira dala, ndipo mu Januwale 1907, pa mchenga wa ku Ormond Beach ku Florida, anathamanga makilomita 219 pa ola. Liwirolo silinalembedwe m'mabuku a mipikisano, komabe manyuzipepala anamutcha munthu wothamanga kuposa wina aliyense padziko. Njingayo ilipobe mpaka lero m'manja mwa National Air and Space Museum ku America. Nkhani imeneyi anthu ambiri amaitembenuza. Iyi sinali injini ya njinga yoikidwa pa ndege. Inali injini yopangidwira zouluka yomwe inakwezedwa pa njinga.

Chaka chomwecho Alexander Graham Bell, uja wa telefoni, anamukopa Curtiss kuti alowe m'gulu lake loyesa ndege, Aerial Experiment Association. Pa 4 Julayi 1908 Curtiss anaulutsa ndege ya gululi yotchedwa June Bug mtunda wa kilomita imodzi ndi theka pamaso pa khamu la anthu, napata chikho cha magazini ya Scientific American. Ulendowo sunakwane mphindi ziwiri. Injini yoziziritsa ndi mphepo ija inkatentha msanga ikatsegulidwa mafuta onse, moti ndege yomaliza ya gululi, Silver Dart, yomwe inauluka ku Baddeck m'dziko la Canada pa 23 Febuluwale 1909, anaiikira injini yoziziritsa ndi madzi. Ndi injini ya madzinso imene Curtiss anapambanira mpikisano wa ndege wa Gordon Bennett ku Reims m'dziko la France mu Ogasiti 1909, pa liwiro la makilomita pafupifupi 75 pa ola. Pofika nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse kampani yake inkapanga OX-5, ya malita opitirira 8, hosipawa 90, yozungulira maulendo 1,400 okha pa mphindi, imene inaulutsa ndege zophunzitsira za JN-4. Mmisiri wa njinga uja, m'zaka khumi zokha, anali atachoka kutali kwambiri ndi injini ya njinga.

Wa ine kumukonda pa onsewa ndi Anzani, chifukwa pa injini yake m'pamene dzanja la munthu wa njinga limaonekera poyera. Anabadwira kufupi ndi Milan mu 1877, anasamukira ku France, anatchuka pothamanga ndi njinga zamoto, kenako anatsegula fakitale yake kufupi ndi Paris. Anatenga kapangidwe ka masilinda awiri a V kaja n'kuwonjezera lachitatu, onse atatu oloza m'mwamba motambasuka. Sanafune silinda yoloza pansi, poopa kuti oyilo atsikiramo n'kunyowetsa pulagi. Mavalavu olowetsa mafuta ankatseguka okha ndi kukoka kwa pisitoni, ndipo m'munsi mwa silinda iliyonse anaboola timabowo totulutsira utsi wina kuti kutentha kuchepe. Timabowoto tinkalavulanso oyilo, woyendetsa n'kumatsika ali noninoni kumaso. Inali injini yaphokoso, yonjenjemera, ya hosipawa 25 basi.

Pa 19 Julayi 1909 Hubert Latham anayesa kuwoloka nyanja ya pakati pa France ndi England ndi ndege ya Antoinette, yokhala ndi injini ya mphamvu kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya Anzani, koma inamuzimira ali pamwamba pa madzi ndipo anachita kumuvuula. Pa 25 Julayi Louis Blériot ananyamuka kufupi ndi Calais m'bandakucha ndi injini ya Anzani ija, natera ku Dover patatha mphindi 36 ndi theka, n'kulandira mapaundi 1,000 a nyuzipepala ya Daily Mail. Injini ya munthu wa njinga inachita zomwe yapamwambayo inalephera. Koma kukula kwake kunali malita opitirira atatu, kutanthauza kuti injini zanu za 150cc zingalowemo zoposa 20, ndipo inkazungulira maulendo a m'ma 1,400 mpaka 1,600 pa mphindi. Manambala awiriwa muwasunge, tibwererako.

Amene anayandikira kwambiri zomwe mukuganizazo ndi Alliott Verdon Roe wa ku England. Mu 1909 anali wosauka, ankapangira ndege yake ya mapiko osanjikiza atatu pansi pa mlatho wa njanji ku Walthamstow, ndipo mapikowo anawakuta ndi mapepala kuti apepuke. Ndi injini ya JAP ya hosipawa 6 ndegeyo inkangothamanga pansi. Ataika ya hosipawa 9, yozungulitsa pulopela (chikupizo chozungulira chokankha mphepo) kudzera pa lamba, inayamba kudumpha, ndipo pa 23 Julayi inauluka mamita pafupifupi 280. Ku America nako, kampani ya Hendee ya ku Springfield, yopanga njinga za Indian, inayesako kupanga injini za ndege cha m'ma 1910 koma sinapite nazo patali.

Funso lanu lenilenilo linayesedwa poyera mu Okutobala 1923 pa bwalo la Lympne ku England, pa mpikisano wa ndege zopepuka zomwe injini zake zisapitirire 750cc. Kampani ya ndege ya De Havilland inabwera ndi Humming Bird ya injini ya njinga ya Douglas. English Electric inabwera ndi Wren, ya injini ya ABC ya 398cc, imene inayenda makilomita 141 ndi galoni imodzi ya petulo, malita anayi ndi theka. Ndiye inde, injini yaing'ono inaulutsa munthu. Koma Wren inapangidwa ndi akatswiri a fakitale ya ndege, ya matabwa osankhidwa ndi nsalu, mapiko ake mamita 11 kuchokera nsonga kufika nsonga, yonse pamodzi ndi injini yolemera makilogalamu pafupifupi 105. Imodzi idakalipo ku Shuttleworth Collection, malo osungira ndege zakale ku England, ndipo nthawi zambiri amachita kuikoka ndi zingwe za mphira kuti inyamuke. Pa mpikisano womwewo woyendetsa ndege wa ku France, Alexis Maneyrol, anamwalira mapiko a ndege yake atathyoka ili m'mwamba. Geoffrey de Havilland, amene anayambitsa kampani ya De Havilland ija, anaona kuti mphamvu ya injini za njinga ndi yosakwanira ndege yoti munthu n'kuidalira, ndipo mu 1925 anatulutsa Moth ya hosipawa 60. Imeneyo ndiyo inafala m'makalabu ophunzitsa kuuluka.

Tibwere tsopano pa injini ili pa benchi yanuyo. Ya 150cc ya mtundu wa kabaza imapereka hosipawa 10 mpaka 12, ndipo kuti ifike pamenepo iyenera kuzungulira maulendo a m'ma 8,000 pa mphindi. Pulopela safuna zimenezo. Imafuna kukhala yayitali, izizungulira pang'onopang'ono, izikankha mphepo yambiri. Mukamangirira pulopela ya mita imodzi ndi theka mwachindunji pa shafuti yozungulira maulendo 8,000, nsonga zake zingafunike kuthamanga mamita oposa 600 pa sekondi, pafupifupi kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso. Injiniyo singafikeko n'komwe, ingobanika. N'chifukwa chake Anzani ndi Curtiss anakulitsa masilinda n'kuchepetsa kuzungulira, ndipo Roe anadutsira pa lamba. Mwina mukuganiza kuti giyabokosi ndi tcheni zilipo kale. Zilipodi, koma zinapangidwira tayala logwira pansi. Pulopela imakoka shafuti kutsogolo nthawi zonse, ndipo pisitoni imodzi ikamaphulika imaigwedeza mokankha ndi kubweza. Mabering'i a njinga sanapangidwire kukokedwa kotero, ndipo tcheni ikaduka pamenepo imakalowa m'pulopela.

Palinso kulemera. Injini yanu pamodzi ndi giyabokosi ili pafupi ndi makilogalamu 30. Injini yotchuka ya anthu ouluka ndi kansalu konga parachuti, Vittorazi Moster 185, ndi ya 185cc, kukula kosasiyana kwambiri ndi yanu, koma imapereka hosipawa 25 ndipo imalemera makilogalamu 14 okha. Ndiye poyerekeza mphamvu ndi kulemera, yanuyo yatsalira kanayi kapena kasanu. Pamwamba pa izo muli ku Mchinji, mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho injini yokoka yokha mpweya ngati yanuyo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kumapepukitsanso mpweya. Hosipawa 11 zija mwatsala nazo 9 ndi kanthu, pamene mapiko nawonso akusowa mpweya wogwira. Roe ndi anthu a ku Lympne ankayesera pafupi ndi nyanja, m'dziko lozizira.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi kagwiridwe ka ntchito. Njinga ya pamsewu imapumula: mumatsegula mafuta, mumabweza, mumaima pa siteji. Injini ya ndege ili ngati njinga yomwe yasenza matumba ikukwera chitunda cha Chiweta, koma chitunda chake chopanda pamwamba. Ponyamuka imatsegulidwa yonse, ndipo ulendo wonse imakhala pa magawo 65 mpaka 75 pa 100 a mphamvu yake. N'chifukwa chake injini zomwe timagwira ife zili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, oyatsidwa ndi njira ziwiri zosadalirana. Ndege isananyamuke woyendetsa amaima kumapeto kwa msewu wake, amakweza injini, n'kuzimitsa mbali imodzi ya moto, maso ali pa geji. Singano itsike pang'ono pokha. Ikatsika kwambiri kapena injini ikayamba kutsokomola, ulendo watha, ndege ibwerere kwa ife. M'mawa uliwonse timatapa petulo pang'ono kunsi kwa thanki m'kabotolo koonekera n'kukayang'anitsa padzuwa, kufuna kadontho ka madzi kokhala pansi. Mabawuti ofunika timawamanga ndi waya wopota wopyola m'mutu mwake, wokokera mbali yomangira, kuti kunjenjemera kusawamasule. Injini yanu ili ndi pulagi imodzi, koyilo imodzi, CDI (kabokosi koyendetsa moto wa pulagi) imodzi, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ma CDI a pamsika amafa osatsanzika.

Ngakhale injini itakhala yabwino, ndege yolakwika mapiko imapha. M'zaka za m'ma 1930 Henri Mignet wa ku France anafalitsa mapulani a kandege kotchedwa Pou-du-Ciel, koti munthu wamba apange pakhomo, ndipo koyamba kanauluka ndi injini ya njinga yamoto ya Aubier et Dunne ya hosipawa 17. Anthu mazana anayamba kukhoma ku France ndi ku Britain, moti kampani ya njinga ya Scott inapanga injini yapadera ya msika umenewu. Pofika 1936 angapo anali atafa mofanana: kandegeko kakaweramira pansi kupitirira mlingo wina sikankathekanso kukadzutsa. Atakayesa m'nyumba zoyesera mphepo anapeza kuti vuto linali pa kayandikidwe ka mapiko ake awiri, ndipo maboma analetsa mtundu woyambawo kufikira utakonzedwa. Anthu amene anafawo ankatsatira mapulani a munthu amene anali ataulukapo kale. Inu mulibe mapulani, ndipo mapaipi a madzi ndi malata ndi olemera kwambiri pa mphamvu yomwe muli nayo. Choopsa chake si chakuti sidzanyamuka. N'chakuti tsiku lina mphepo yabwino ikhoza kuinyamula mamita asanu kapena khumi, inu musanaphunzirepo kuwongolera ndege, ndipo kugwa kuchokera pamenepo n'kokwana kuthyola msana. Mayi a kunyumbawo akuopa chinthu chenicheni, muwamvere.

Sindikukuuzani kuti musiye kukonda za ndege. Yambani ndi ndege zazing'ono zopanda munthu. Pangani ya mapiko a mita imodzi ya katoni kapena thovu lolimba lija lotetezera katundu, yopanda injini, muziiponya pabwalo la mpira. Muziisuntha kulemera kutsogolo ndi kumbuyo mpaka muone ndi maso anu chomwe chimachititsa ndege kudzutsa mphuno, kuima m'malere n'kugwa chamutu. Phunziro limeneli silili m'injini, ndipo a Wright anatha zaka zitatu akuuluka ndi ndege zopanda injini asanaike yawo ija. Mukafika poika kamota ka batire ndi rimoti, mudzakhala mukudziwa zambiri zomwe mapaipi aja sakanakuphunzitsani. Ngati mtima ukukakamirabe kuona mphamvu ya 150cc pa pulopela, ikhale pansi, yomangidwa pa chimango cholimba, muyeze kukoka kwake ndi sikelo yopachika ija ya ogula mbewu. Mwa kuwerengera kwanga simudzapitirira kwenikweni makilogalamu 30. Pasakhale munthu aliyense m'mbali mwa pulopela kapena kutsogolo kwake, makamaka ana, chifukwa thabwa losemedwa pamanja likathyoka chidutswa chake chimauluka molunjika m'mbali. Ndipo musayese izi popanda munthu wodziwa kulinganiza pulopela kuti mbali zake zilemere mofanana.

Pali nthawi ziwiri zomwe simuyenera kuchita nokha. Yoyamba ndi pamene mwayamba kuganiza za chinthu chilichonse chonyamula munthu, kaya ndi ndege, helikopita kapena kansalu ka injini kumsana kaja. Musanagule chitsulo china, lemberani bungwe loona za maulendo a pandege, Malawi Civil Aviation Authority, muwafotokozere zomwe mukufuna, chifukwa chouluka chonyamula munthu chimafunika kulembetsedwa ndi kuyenderedwa, ndipo woyendetsa ayenera kukhala ndi laisensi. Mupezenso injiniya wa ndege wovomerezeka aone mapulani anu. Ambiri a ife sitikana kucheza ndi mmisiri amene wabwera ndi mafunso. Yachiwiri ndi pamene kandege kanu ka rimoti kakula n'kuyamba kupita kutali, pakuti ma drone, ndege zopanda munthu, nawonso ali ndi malamulo ake, makamaka kufupi ndi mabwalo a ndege.

Pa za ma drone dziko lathu lili ndi poyambira. Ku Kasungu kunatsegulidwa dera loyesera ma drone mu 2017, ndipo mu Januwale 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa ku Lilongwe ndi thandizo la UNICEF, mogwirizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America komanso ya MUST ya ku Thyolo. Kumeneko achinyamata amaphunzira kumanga ndi kuulutsa ndege zopanda munthu. Afunseni zoyenereza pa maphunziro amene alipo panopa, ndipo polemba kalatayo mutchule kuti ndinu makaniko wa injini zing'onozing'ono, muikemonso zithunzi za tindege tomwe mudzakhale mutapanga ndi muyeso wa mapiko ndi kulemera kwa kalikonse.